Mzere Umodzi pa Galasi

Pafupifupi sitolo iliyonse yodula magalasi a mazenera, kaya ndi ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, imakhala ndi kangodya kamene amatsamiritsako zidutswa zotsala. Munthu womanga nyumba amafuna galasi la muyezo wa zenera lake, ndipo chotsalacho alibe nacho ntchito. Zidutswazi n'zazing'ono moti sizingatseke zenera, komabe n'zazikulu moti kuzitaya kumapweteka mtima, makamaka tikakumbukira kuti magalasi ambiri amene timagula kuno amachokera kunja kwa dziko ndipo amafika atadya kale ndalama za msonkho ndi mayendedwe. Kwa mlimi wodziwa kudula galasi lozungulira, kangodya kameneka ndi dimba lina la m'chilimwe.

Wina angafunse kuti galasi lozungulira lili ndi ntchito yanji pa famu. Tayang'anani ziwiya zathu: beseni, ndowa, mgolo, zonsezi n'zozungulira kukamwa. Mukavundikira beseni ndi galasi la makona anayi, makonawo amatsala panja, kudikira kukola chitenje cha munthu wodutsa kapena kukumana ndi chipumi cha mwana. Galasi lozungulira limakhazikika bwino pamlomo wa beseni ndipo lilibe kona yoti ibenthuke. Alimi a njuchi ndiwo amapindula msanga. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo beseni lakuda lokhazikidwa m'katoni ya utuchi, lovundikiridwa ndi galasi n'kuikidwa padzuwa la mu Okutobala, limafika pamenepo popanda kutentha nkhuni. Zisa zakale zimaikidwa pansalu yomangidwa pamwamba pa mbale m'kati mwa beseni. Phula limadonthera m'mbale lili loyera, zinyalala n'kutsala pansalu.

Amene anadzipangira bokosi loswetsera mazira amadziwanso vuto lake. Dzira la nkhuku limafuna masiku 21 pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5, ndipo nthawi iliyonse imene mwatsegula bokosi kuti musuzumire, kutentha ndi chinyezi zimathawa. Kazenera kozungulira pachivundikiro kamakulolani kuwerenga choyezera kutentha bokosi lili chitsekere. Pambali pa zimenezi pali zogulitsa: kalilole wa m'felemu yamtengo kapena yolukidwa ndi mlaza, thileyi ya tiyi, chotchinga cha wotchi yapakhoma, pamwamba pa kathebulo, ngakhale zenera lozungulira pamwamba pa khomo la tchalitchi cha m'mudzi.

Chimene kagudumu kamachita

Ngakhale timati “kudula”, chodulira galasi sichilowa m'galasi monga momwe sowo imalowera m'thabwa. Kunsonga kwake kuli kagudumu kakang'ono ngati njere ya mapira, kachitsulo cholimba kapena ka tungsten carbide, ndipo ntchito yake ndi kukanda mzere wosaya kwambiri pamwamba pa galasi. Pansi pa mzerewo pamayamba kamng'alu kosaoneka ndi maso. Galasi limapirira kupsinjidwa koma silipirira kukokedwa, choncho mukalipinda pang'ono mzere uli kunja kwa mpindowo, kamng'aluko kamatseguka n'kutsika mpaka kuseri. Aliyense amene anathyolapo nzimbe ataichekerera kaye ndi mpeni amaidziwa kale mfundo imeneyi. Chitsulo chimaloza pothyokera. Chothyola ndi dzanja.

Pa mzere wowongoka zimenezi sizivuta, pakuti galasi limapindika mosavuta potsata mzerewo. Pa mzere wozungulira nkhani ndi ina. Mng'alu mwachibadwa chake umafuna kuthamanga mowongoka, ndipo ukapeza mpata umasiya njira yokhota n'kudutsa pakati pa galasi limene mumafunalo. Luso lonse la ntchitoyi ndi kuuyendetsa pang'onopang'ono kufikira utazungulira n'kukumana ndi poyambira pake.

Amisiri akale anavutika kuposa ife. Amene anapanga mazenera a matchalitchi a ku Ulaya, monga cha ku Chartres ku France m'zaka za m'ma 1200, ankatsogolera mng'alu ndi nsonga ya chitsulo chamoto, kenako n'kubenthula m'mphepete pang'onopang'ono ndi chitsulo chamano. Pambuyo pake kunabwera kudula ndi daimondi, ndipo kagudumu kamene tikugwiritsa ntchito lero kanayambitsidwa mu 1869 ndi Samuel Monce wa ku Bristol, m'chigawo cha Connecticut ku America. Chodabwitsa n'chakuti kale galasi la zenera linkayamba lili lozungulira: mmisiri ankaulizira mpweya m'galasi losungunuka, n'kulizunguza pa ndodo yachitsulo mpaka litaphwathalala ngati mbale yaikulu, ndipo m'mbalemo ndimo ankadulamo timagalasi ta makona anayi. Ife tikuchita zobwerera m'mbuyo. Galasi lamakono limapangidwa m'njira imene kampani ya Pilkington ku England inalengeza mu 1959: mchenga, soda ndi laimu zimasungunulidwa pa madigiri pafupifupi 1,500, n'kuthiridwa kuti ziyandame pa chitsulo cha tini chosungunuka. Kenako limaziziritsidwa pang'onopang'ono, ndipo kuzizira kodekhako ndiko kumalichititsa kuti lizimvera mzere wa kagudumu.

Galasi loyenera ndi losayenera

Apa mpofunika kusamala musanawononge ndalama. Pali galasi lina limene amalonda amalitcha tempered kapena toughened. Ilo limatenthedwanso kupitirira madigiri 600 n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi ndi mphepo, kotero kuti kunja kwake kumakhala kopanikizika pamene m'kati muli mokokeka. N'lolimba kwambiri, koma silidulika ndi pang'ono pomwe. Mukangolowetsa mng'alu m'kati mwake, lonse limaphulika n'kukhala timiyala ting'onoting'ono ngati chimanga chokonola. Loterolo ndilo la mazenera a m'mbali mwa galimoto, la mashelufu ambiri a m'furiji, ndi la pamwamba pa mapanelo a sola. Nthawi zambiri limakhala ndi kachidindo pakona, ndipo m'mphepete mwake mumakhala mosalala. Galasi lakutsogolo kwa galimoto nalo silithandiza, pakuti ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati.

Lofunika ndi galasi wamba la zenera, lochindikala mamilimita 3 kapena 4. La mamilimita 6 limadulika, koma limafuna dzanja lozolowera. Kalilole amakandidwa mbali yoyang'anira, osati yakumbuyo yopakidwa mankhwala. Galasi lamaluwa la m'bafa limakandidwa mbali yosalala. Galasi lakale lochotsedwa pazenera tingaphunzirirepo, koma tisalidalire pa katundu wogulitsa, chifukwa timizere tokandika ndi fumbi la zaka zambiri timasocheretsa mng'alu. Tikumbukirenso kuti galasi la zenera silipirira kutentha kobwera mwadzidzidzi mbali imodzi. Padzuwa limakhala bwino, koma musaliyese chivundikiro cha mphika pambaula, ndipo likatentha padzuwa musalithire madzi ozizira.

Chida chodulira mozungulira chimafanana ndi kampasi ya ana asukulu. Pakati pali kamphira komamatira pagalasi, pamenepo pachokera mkono wachitsulo wolembedwa miyezo, ndipo pamkonopo pali kagudumu kosunthika. Pofunikanso chodulira chamanja cha mizere yowongoka, palafini pang'ono, pulayala, mwala wonolera mipeni, bulangete lakale, thebulo losagwedera ndi magalasi otchinga maso. Ife sitilola wophunzira kugwira galasi alibe chotchinga maso ndi nsapato zotseka, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: chala chodulidwa mtsempha mu Okutobala sichigwira khasu mu Novembala.

Kayendedwe ka ntchito

Yambani ndi bwalo la masentimita 20 kapena 25 m'mimba mwake. Timabwalo tating'ono, monga ta bokosi la mazira, timaoneka tosavuta koma ndito tovutitsitsa, pakuti njira yake imakhota kwambiri ndipo kamphira kapakati kamatsekereza dzanja. Tsukani galasi n'kuliumitsa; kamchenga kamodzi kamadumphitsa kagudumu, ndipo pamene kadumpha mpamene mng'alu udzasochere. Dulani kaye chidutswa cha makona anayi chosiya masentimita 2 kapena 3 kunja kwa bwalo mbali zonse. Mukasiya ochepa, m'mphepete mumasowa pogwira. Mukasiya ambiri, mukungotaya galasi. Jambulani mizere iwiri yopingasa kuchokera kona ina kufika ina, ndipo pamene yakumana mpamene pali pakati.

Poyeza, kumbukirani kuti mkono wa chida umatenga theka la m'mimba mwa bwalo. Yezani nokha ndi lula kuchokera pakati mpaka pakagudumu, musangokhulupirira manambala a pamkono. Ngati galasilo likulowa m'felemu, lichepetseni ndi mamilimita 2 kapena 3. Felemu yamtengo yopangidwa m'chilimwe imafufuma mvula ikayamba, ndipo galasi lothina limang'aluka lokha usiku popanda woligwira.

Mamatizani kamphira pakati, ndipo zunguzani mkono kamodzi osapsinja kuti muone ngati kagudumu sikatuluka pagalasi ndiponso ngati chigongono chanu sichigunda kanthu. Imirirani, musakhale pansi. Donthezani palafini pakagudumu, kapena pakani m'njira yonse ndi kansalu. Tsopano dzanja limodzi ligwire pakati, linalo lipsinje mofanana ndi kuyenda mosaima mpaka kagudumu katagwera poyambira. Khutu limathandiza kuposa diso. Mzere wabwino umalira mopitirira ngati nsalu yong'ambika, ndipo umaoneka wopyapyala ngati tsitsi. Mukaona ufa woyera ndi tizibenthu tikudumpha m'mbali mwa mzere, mwapsinja mopitirira. Kukakhala zii, simunapsinje mokwanira.

Lamulo limene ophunzira atsopano amavutika nalo kwambiri ndi ili: mzere umakandidwa kamodzi kokha. Mtima umanena kuti mubwereze kuti ulowe bwino, monga timachitira pocheka thabwa, koma kubwereza kumaphwanya kamng'alu koyera kaja n'kubala timing'alu tambirimbiri toloza uku ndi uku, ndiponso kumabunthitsa kagudumu. Ngati pali kampata kamene kagudumu kanadumpha, kandani pokhapo, osadutsa pamene pakandidwa kale.

Musapite kukamwa tiyi mutakanda. Mzere watsopano umatseguka mosavuta, koma ukakhalitsa umauma mutu. Palafini amathandiza kuuchedwetsa, komabe ndi bwino kupitiriza nthawi yomweyo. Chotsani chida, tembenuzani galasi kuti mzere uyang'ane pansi, ndipo ligonekeni pabulangete lopindidwa kamodzi kapena kawiri. Ikani chala chachikulu pamwamba penipeni pa mzere ndi kupsinja modekha. Mudzaona kuwala kukuthamanga m'kati mwa galasi masentimita angapo: umenewo ndiwo mng'alu wotsika mpaka kuseri. Sunthirani chala pamene wathera, psinjaninso, ndipo pitirizani chotero kufikira mutazungulira. Ena amagogoda kuseri kwa mzere ndi kampira kachitsulo ka kuchigwiriro cha chodulira. Njirayi imagwira, koma imasiya m'mphepete mwamanomano, choncho ife timaisungira galasi lochindikala limene lakana chala.

Pofika apa bwalo laduka kale, koma silingatuluke, pakuti lagwidwa ndi galasi lolizinga monga mwendo m'goli. Wolikankha ndi mphamvu amalibenthula. Tembenuzaninso galasi, ndipo ndi chodulira chamanja kandani mizere inayi kapena isanu ndi umodzi kuchokera pafupi ndi bwalo kupita kumphepete. Mzere uliwonse uyambire mamilimita 2 kapena 3 kunja kwa bwalo, ndipo uchoke mopendekera, ngati njira yopatuka pamsewu wokhota, osati molunjika pakati. Thyolani mizereyi umodziumodzi, zidutswa zakunja zidzagwa zokha.

Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake, ndipo amene wachimvetsa sadzalisokoneza. Mng'alu sungathe kulumpha mng'alu unzake umene watseguka kale. Mukayamba mwatsegula wozungulira uja, umasanduka ngalande yotchinga, ndipo ming'alu ya mizere yakunja ikafika pamenepo imaima. Mukathyola yakunja wozungulira usanatseguke mbali zonse, palibe chouimitsa, ndipo umadutsa pakati pa bwalo lanu. Mabwalo ambiri amene timaona akuwonongeka m'chipinda chathu cha ntchito zamanja amafera pamenepa, osati pokanda.

Popanda chida chozungulira

Si aliyense angapeze chida chokhala ndi kamphira, ndipo sitikulangiza munthu kuchigula asanadziwe ngati ali ndi msika. Chodulira chamanja chimakwanira ngati muli ndi chotsatira: mbale yachitsulo yosapindika kapena kathabwa kocheka mozungulira, kogwiritsidwa pagalasi ndi tepi kuti kasasunthe. Kagudumu kamayenda mamilimita angapo kunja kwa chotsatiracho, choncho yesani kaye pachidutswa chotaya kuti mudziwe kusiyana kwake. Dzanja silingazungulire bwalo lonse mosaima, ndiye ligaweni m'zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kandani chigawo chimodzi cha bwalo, pitirizani mzerewo mopatuka mpaka kumphepete kwa galasi, thyolani, n'kuyamba chigawo chotsatira pamene choyamba chinapatukira. Zili ngati kusenda dzungu. Pamakumano a zigawo pamatsala timinyanga, ndipo timeneti timabenthulidwa pang'onopang'ono ndi pulayala yokulungidwa nsalu kukamwa, kenako n'kusalazidwa pamwala. Bwalo lotere silikhala losalala ngati la chida, koma likalowa m'felemu palibe amadziwa.

M'mphepete mwa galasi longodulidwa kumene ndi mwakuthwa kuposa lumo. Nyowetsani mwala wonolera, ugwireni mopendekera, ndipo kwechani m'mphepete mozungulira, mbali yapamwamba ndi yapansi yomwe. Madzi amaletsa fumbi la galasi kuuluka n'kulowa m'maso ndi m'chifuwa, choncho musakweche pouma. Poyesa ngati mwasalala, pititsani kansalu, osati chala. Pamene kansalu kakola mpamene patsala ntchito. Kusalaza kumalimbitsanso galasi, pakuti ming'alu yambiri imayambira pa tizibenthu ta m'mphepete. Chivundikiro cha beseni la phula, chimene chidzagwiridwa ndi manja tsiku ndi tsiku, chimafuna kusalazidwa koposa kalilole wobisika m'felemu.

Za tizidutswa totsala tiyenera kunena mosabisa, chifukwa pa famu n'toopsa kuposa m'tauni. Pabwalo pathu pamayenda ana opanda nsapato, nkhuku zotola chilichonse chonyezimira, ndi ng'ombe zimene kagalasi kakalowa pakati pa ziboda zimatsimphina nyengo yolima. Musadulire galasi pamene mumayanika ufa kapena kupuntha nyemba. Yalani pepala lalikulu kapena thumba pansi pa thebulo, sesani ndi burashi osati ndi chikhatho, kung'unthirani bulangete pa pepala lomwelo, ndipo zonse zilowe m'chitini chotseka chimene chidzathera m'dzenje la chimbudzi. M'dzenje la manyowa musaponyemo, pakuti chaka chamawa zidzabwerera kudimba n'kukumana ndi dzanja lobzala. Munthu akachekedwa, psinjani bala ndi nsalu yoyera ndi kukweza dzanjalo m'mwamba. Chidutswa chikalowa kwambiri musachizule, ndipo kakalowa m'diso musatikite. Thamangirani naye kuchipatala.

Kuwerengera

Bwalo limadya galasi lambiri kuposa momwe limaonekera. La masentimita 30 m'mimba mwake limafuna chidutswa cha masentimita 35 mbali zonse, ndipo pa chidutswa chimenecho bwalolo limatenga magawo 58 okha pa 100. Otsalawo amapita m'chitini. N'chifukwa chake kugula galasi lathunthu kuti mudulemo mabwalo sikupindulitsa, pokhapokha wogula atalipiriratu. Phindu lili m'zidutswa za m'kangodya kaja. Pitani ndi lula m'thumba, sankhani zopanda mikwingwirima, ndipo kambiranani mtengo wa mulu wonse m'malo mwa chimodzichimodzi. Poika mtengo wa katundu wanu, werengeraninso mabwalo amene adzasweka, chifukwa ngakhale mmisiri wozolowera amaswa. Ambiri a ife timaiwala zimenezi monga timaiwalira kuwerengera mbewu yosamera.

Kunyamula nako kuli ndi nzeru yake. Galasi la mamilimita 4 limalemera makilogalamu 10 pa sikweya mita imodzi, choncho zidutswa khumi za masentimita 35 mbali zonse zimapitirira makilogalamu 12. Likagonekedwa chafufumimba pakaliyala ya njinga, limapindika pa bampu iliyonse ya msewu wafumbi mpaka kusweka. Liimikeni chilili, katoni pakati pa chidutswa ndi chinzake, mumange zolimba pakati pa matabwa awiri, ndipo pansi pake muyalepo mphira wa chubu chakale.

Kwa anzathu amene munatsiriza maphunziro ndipo muli m'magulu a alimi kwanu, tikuona kuti chida chimodzi chozungulira chingakwanire gulu lonse, pakuti sichigwira ntchito tsiku lililonse. Chosafunika kubwerekana mwachisawawa ndi kagudumu. Kakagwa pasimenti kapena kakayendetsedwa pamzere wakale, kamabenthuka malo amodzi, ndipo kuyambira pamenepo kamasiya kampata pa mtunda wofanana m'mzere uliwonse. Musanayambe bwalo, kandani mzere wowongoka pachidutswa chotaya n'kuuyang'ana padzuwa. Ukaoneka wodukaduka ngati msoko wa makina osokera, sinthani kagudumu. Mukamaliza ntchito, kasungeni m'kabotolo kokhala ndi thonje lonyowa ndi palafini pansi pake, nsonga itayang'ana pathonjepo.